Nyimbo Zomwe Zinasowa Malo

Pa situdiyo ina yojambulira nyimbo ku Kalingalinga, Dingani ndiye ankayang'anira makompyuta. Mkati mwa kompyuta yaikulu ankakonzamo makompyuta ongoyerekeza, iliyonse ndi ntchito yake. Magetsi atayamba kuthimathima, bwana wawo anagula memori yosaiwala zomwe yasunga ngakhale magetsi atazima.

Tsiku lina kunkabwera kwaya ya amayi a ku Chawama, momwe munalinso mayi ake a Dingani, Magdalene. Dingani ataidzutsa kompyuta yojambulira, pulogalamu inakana. Inalemba kuti kukula kwa memori komwe iye analowetsa kunaposa kukula kwake kwenikweni.

Emelda, mnzake wa pantchito, anasuzumira n'kunena, “Ba Dingani, pimani poyamba. Kapena mwalemba nambala ikulu.”

“Ine ningalakwise nambala? Ni pulogalamu iyi yamene ili na msokonezo,” anayankha motero.

Panja minibasi ya amayi a kwaya aja inali italiza kale hutala. Dingani sanafune kuti mayi ake amupeze akukanda mutu, choncho anazimitsa mbali ya pulogalamu yoyeza kukula kwa memori. Kompyuta inadzuka bwinobwino, iye n'kumuponyera Emelda diso lachipongwe.

Amayi aja anaimba mpaka mawu kusasa. Wotsogolera wawo, Eneless, anaimba ngati wotsazika, pakuti m'mawa mwake ankasamukira kwawo ku Katete osadzabweranso. Koma kompyuta, pokhulupirira bodza lomwe inauzidwa, inkangothira nyimbo m'nkhokwe yodzadza kale.

Kutacha, Dingani anatsegula mafayilo. Nyimbo yoyamba inamveka, yachiwiri inadukira pakati, zotsalazo zinali phokoso lokhalokha ngati mvula pa malata. Anayesa nzeru zonse, thukuta lili kamukamu, koma panalibe chobweza. Emelda sanamunyoze.

Ulendo wa ku Chawama unamutalikira. Anapeza mayi ake akusita yunifolomu ya kwaya.

“Amama, nyimbo zija zaonongeka.”

Magdalene anaika simbi pansi. “Zonse? Nanga ba Eneless bakwera kale basi. Makina sanakuchenjeze?”

Dingani akanatha kunamizira magetsi, koma maso a mayi ake anali pa iye.

“Ananichenjeza. Na Emelda ananiuza. Sininamvere.”

Mayiyo anamanga duku. “Ndine ninabauza kuti mwana wanga ni katswiri. Tiye, ukakambe wekha.”

Anadutsa m'tinjira ta m'komboni, mayi patsogolo, mwana pambuyo atazyolika. Kutchalitchi amayi a kwaya anawalandira ndi nthungululu, poganiza kuti nyimbo zafika. Dingani anagwada, nawauza zonse, ndipo nthungululu zija zinafera m'khosi. Mayi ake anangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Akuluakulu sananame: wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.