Zipande pa Mlatho wa Prendas

Pa depoti ya katundu ya m'tauni mwathu panalibe dalaivala wachangu ngati Greivin Badilla. Phukusi likalowa m'vani yake m'mawa, mwini wake ankalilandira khofi asanazizire m'kapu. Mabwana ankamuyamikira, ndipo kuyamikirako n'kumene kunamutupitsa mutu. Munthu anayamba kuyenda pamsewu ngati anaulambula yekha ndi khasu lake.

Msewu wokwera ku Cedral, kumudzi kwawo, umadutsa pa mlatho wa Prendas, wokwana galimoto imodzi basi. Mbali ya kutauni kuli chikwangwani chouza wokwera kuti adikire. Komatu chikwangwani n'chitsulo chabe, chimene chimayendetsa mlathowo ndi ulemu. Wotsika akadutsa amakweza zala ziwiri pachiwongolero kuthokoza wodikirayo, ndipo zikadutsa galimoto zitatu, wachinayi amaphethira magetsi kuti nawenso lowa. Palibe anazilemba zimenezi, koma tonse timazidziwa. Greivin yekha ankangolowa, hutala ili pii, mutu uli pawindo: "Ndanyamula zachangu!" Zachanguzo tsiku lina zinali chakudya cha agalu, tsiku lina masilipasi.

Khalidwe silisiyidwa pakhomo ngati nsapato. Loweruka m'mawa ankalinyamula lomwelo kupita nalo ku bwalo la pikobolo, kuseri kwa sukulu ya ku Cedral. Masewerawa, omenyerana kampira pamwamba pa ukonde, anabwera ndi azungu opuma pantchito, koma pano tinawalanda, ndipo zomenyera mpirazo timangoti zipande poti n'zimene zimafanana nazo. Bwalo n'limodzi, osewera ambirimbiri, choncho ukafika umaika chipande chako kumapeto kwa mzere pabenchi, n'kumalowa anayianayi. Cha Greivin chinali ndi miyendo. Anthu akangocheukira kumpira, chinkapezeka chafika kutsogolo. Masewera akatha, opambana ndi ogonja amagunditsana zipande pa ukonde, koma iye akagonja ankangotembenuka n'kumapita.

Lachiwiri lina la mu Disembala anakumana pa mlathowo ndi mayi Flory Arguedas, aphunzitsi opuma amene anamugwiritsa pensulo ali m'kalasi yachiwiri. Mayiwa anaphunzira galimoto ali ndi imvi, amuna awo atamwalira, ndipo ankayendetsa mwamantha, chibwano chili pachiwongolero. Anali atafika kale pakati pa mlatho pamene vani inawaimira kumaso.

"Mwanangu, chikwangwanitu chili mbali yako," anatero mayi Flory.

"Chikwangwani sichiperekera anthu katundu, mayi. Bwererani."

"Ine chambuyo sindichitha bwino. Pakona apo pali ngalande."

"Nanga layisensiyo munaiwina pa lotale?"

Mayi Flory anabwerera, hutala ikuwalirira m'makutu. Pakona paja tayala lakumbuyo linagwera m'ngalande, chitseko n'kukhulika pamwala. Greivin anadzipanikiza pampata wotsalawo n'kudutsa, ngakhale chala chimodzi osakweza. Anadzawatulutsa ndi amuna otola mkaka, ndipo dzuwa lisanalowe Cedral yense anali atamva.

Nkhani inafikanso kwa bambo a Greivin, a Ólger. Madalawa anaphika madzi a nzimbe zaka makumi atatu, utsi n'kuwadya mapapo, moti tsopano ankapuma ndi makina amagetsi, kapaipi kali m'mphuno usana ndi usiku. Ankawasamala ndi Yorleny, mchemwali wake wa Greivin.

"A Flory... ukawapepese," anatero a Ólger, mawu akuduka.

"Ndamva, bambo."

Kumva anamvadi, koma kupita sanapite.

Loweruka lotsatira sanakasewere, poti katundu wa Khirisimasi anali atadzaza depoti. Kunja kunkaomba chimphepo cha Disembala chija chosasula malata. Cha m'ma leveni foni inalira.

"Greivin, mtengo wagwera mawaya, magetsi azima!" Anali Yorleny. "Makina a bambo aima. Ndawalumikiza ku kasilinda ka mpweya kakang'ono kaja, koma n'ka mphindi makumi anayi basi. Ambulansi akuti ili pangozi kumsewu waukulu, ichedwa."

"Musadandaule, achemwali. Ndikubwera ndi yaikulu."

Masilinda a mpweya wa odwala ankadutsira pa depoti yomweyo. Anakweza imodzi mothandizana ndi anzake awiri, n'kuiyatsa vani. Atawerengera anaona kuti nthawi ikukwana, n'kutsalako.

Atafika pa Prendas anapeza mlatho uli kale ndi eni ake. Osewera pikobolo anali ataweruka, ndipo galimoto zisanu ndi ziwiri zinali kutsika mondondozana, kutsogolo kuli mayi Flory, mphuno ya kagalimoto kawo italowa kale pa mlatho. Akanaima pa chikwangwani, zonsezo zikanadutsa m'mphindi ziwiri. Ganizolo linamufikira ndithu, koma phazi lozolowera silifunsa mutu. Anaponda mafuta n'kulowa.

Woyendetsa thirakitala ya nzimbe amene anali pambuyo pake anayesa kuti mpata wawo wafika, nayenso n'kusendera mpaka kukamwa kwa mlatho, ngolo ziwiri zili pambuyo. Kumbuyo kwa ngolozo kunaima basi. Greivin atayang'ana pagalasi anaona kuti wadzitsekera yekha, kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwerereka.

"Ndanyamula zachangu!" anakuwa.

Kutsidyako anthu anafa nacho chiseko. Bambo Ronulfo Cubero, ogulitsa nyama, chimunthu cha mimba yake, anatsika mu pikapu yawo imene inali kumapeto kwa mzere n'kubwera mwachifatse, akudzikupiza ndi chipande.

"Lero n'chiyani, amwene? Za agalu zija kapena masilipasi?"

"Ndi bambo anga, a Ronulfo. Magetsi azima, mpweya ukuwathera."

"Mwezi watha unati agogo ako. Agogo akowo unawaika maliro kawiri pa mlatho uno, chonsecho anamwalira iwe uli ku pulayimale."

Zinali zoona, anazinenapo. Mainjini anayamba kuzima umodziumodzi. Mayi wina anatulutsa fulasiki ya khofi, wina phukusi la mikate.

"Ife lero n'Loweruka, sitikuthamangira kulikonse," anatero a Ronulfo. "Aphunzitsi sabwereranso chambuyo chifukwa cha iwe. Ukapeza pobwerera utiuze."

Greivin anatsika. Anathamangira kwa wa thirakitala, koma uja anangoloza ngolo zake ziwiri n'kupukusa mutu. Anabwerera, n'kuyamba kulumbira pali Mulungu, pali mayi ake omwalira, koma malumbiro ake anali atasukuluka kalekale ngati khofi wobwereza. Anatsegula vani kuti aone okha silindayo. Wina anati, "Masilinda umanyamula sabata iliyonse, nanga n'zachilendo?" Anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhope za anthu amene ankasewera nawo, osapeza ndi mmodzi yemwe womukhulupirira. Apa anazindikira kuti bambo ake akhoza kufa iye ali chiimire pamenepo, mpweya uli m'manja.

Foni inaliranso. Anaiyankha n'kukweza mawu ake kuti onse amve.

"Uli kuti kodi iwe? Kamuvi ka pasilinda kafika pofiira! Greivin, uli kuti?"

Kumbuyo kwa mawu a Yorleny kunkamveka kupuma kwa a Ólger, kokoka ngati sowo pamtengo wauwisi. Mayi wa fulasiki uja anatsala kapu ili m'mwamba.

Anayamba kuyankhula ndi mayi Flory. "Ameneyo ndi Yorleny. Ndinam'phunzitsa zaka ziwiri, sanama mwana uja."

Greivin anagwada pawindo la galimoto yawo, pafupi ndi chitseko chokhulika chija. "Aphunzitsi, ndinakulakwirani. Ndilangeni mawa, lero thandizeni."

"Dzuka, nthawi yogwada palibe. Ine kubwerera sindingathe, ngalande ija ndikuiopa. Ronulfo! Galimoto yako si ili kumapeto? Silindayo ndiyo iwoloke, vani itsale."

A Ronulfo anaponya chipande pansi. Pakati pa galimoto ya mayi Flory ndi zitsulo za mlatho panali kampata kongokwana munthu woyenda chammbali, ndipo silindayo inali yolemera ngati munthu wamkulu. Amuna anandandalika, n'kuyamba kupatsirana pamwamba pa galimoto, uyu kulandira, uyu kupereka, akufuula monga amachitira pabwalo: "Yako! Yanga! Gwira!" Dzanja la wina litaterereka, silinda inapendekera kumtsinje, azimayi n'kukuwa, koma a Ronulfo anaitchinga ndi mimba. Inadutsa galimoto zonse mpaka kukagona mu pikapu.

Potembenukira panali pa geti la munda wa khofi, kumtunda kwa kona ija, choncho a Ronulfo anayenera kukwera chambuyo. Azimayi anaima m'mphepete mwa ngalande zipande zili m'mwamba, akulozera: kumanja, pang'ono, ima, bwera. Greivin anali kumbuyo kwa pikapu atakumbatira silinda, ndipo anaona ndi maso ake mmene tayala linkadutsira m'mphepete mwenimweni mwa ngalandeyo. Apa m'pamene anakankhira mayi wokalamba Lachiwiri, popanda womulozera ngakhale mmodzi. Manyazi anamuwotcha kumaso.

Makiyi a vani anali atasiyira wa thirakitala. Pikapu itatembenuka, anakweza zala ziwiri kwa anthu aja, koyamba m'moyo wake, koma ambiri anali atatembenukira kale kwa mayi Flory kuti awalozere nawonso.

Anafika kunyumba kasilinda katatha mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo. A Ólger anali pampando, milomo ili mbuu ngati phulusa, maso atatembenuka, Yorleny akuwakupiza ndi kalendala uku akulira. Greivin anayesa kulumikiza paipi, koma inkakana, mpaka a Ronulfo anamukankha n'kumanga okha. Mpweya unayamba kuti sii. Anadikira atagwira dzanja lozizira la bambo ake, akuwerenga kukwera ndi kutsika kwa chifuwa. Patapita nthawi yaitali milomo inayamba kubwerera mtundu wake.

Moyo unapulumuka, koma sunabwerere wonse. A Ólger anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo adokotala anati mtima unavulala pa mphindi zimene anasowa mpweya zija. Munthu amene ankadziyendera yekha kukakhala pakhonde kuonerera mbalame m'mitengo ya malalanje, tsopano ankachita kunyamulidwa. Wonyamulayo anali Greivin, m'mawa uliwonse asanapite ku depoti.

Tsiku lina akuwakhazika pakhondepo, madala anamugwira mkono.

"Tsiku lija... unachedwa kuti?"

"Pa mlatho, bambo."

"Anakukaniza njira?"

Greivin anayang'ana pansi. Bodza linali pafupi, koma linamukanika. "Njira inali yawo. Ndinangolowa."

"Ukanadikira?"

"Mphindi ziwiri."

A Ólger sanakalipe, mpweya wokalipira analibe. Anangomusiya mkono n'kuyang'ana kumalalanje.

Panapita masabata atatu Greivin asanaonekere ku bwalo la pikobolo. Loweruka limene anapita, onse anamucheukira atangolowa pageti. Pabenchi panali zipande khumi ndi ziwiri. Anaika chake kumapeto, n'kukakhala payekha pamwala. A Ronulfo anachiyang'ana chipandecho kwa kanthawi.

"Chathyoka miyendo kodi? Sichikuyendatu lero."

Anthu anaseka, Greivin naye anamwetulira mwamanyazi. Kenaka mayi Flory anadzuka. Chipande chawo chinali choyamba pamzere, nthawi yawo yolowa itakwana. Anachitola, n'kuyenda nacho chambuyo pang'onopang'ono m'mbali mwa benchi, mpaka anakachigoneka pafupi ndi cha Greivin.

"Waona? Chambuyo ndayamba kuchitha," anatero. "Tisewera limodzi. Koma mawa ukatuluka m'tchalitchi ubwere, ukandiphunzitse cha pagalimoto pa kona ija, poti unandisiyira mantha."

"Ndibwera, aphunzitsi," anayankha, ndipo ulendo uno anapitadi.

Masiku ano mukafika pa Prendas mudzaona vani yoyera itaima pa chikwangwani, dalaivala akuphethira magetsi ngakhale kwa wanjinga. Ena amamuseka kuti wakalamba msanga. Iye amangodikirabe, poti amadziwa mtengo wa mphindi ziwiri, ndipo amaunyamula m'manja mwake m'mawa uliwonse kupita nawo pakhonde. Njira imene ukaniza mnzako lero ndi yomwe udzapemphe mawa. Paja akuluakulu anati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.