Zaka Zitatu Zowonjezera pa Fomu

M'nyumba ya a Biswick ku Edmonton, kutsidya kwa nyanja, munalibe kapu yagalasi yomwe inkatha mwezi. Mwana wawo Fatsani ankaponya chilichonse chozungulira, kaya lalanje kaya sokosi zokulunga. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma msinkhu ngati mlongoti. Anzake akuthamangira mpira wamiyendo, iye anakonda bezibo, masewera a ku Amereka aja oti wina aponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga.

A Biswick ankasamalira okalamba ku Ilford, ndipo akazi awo a Winfrida anali namwino. Bamboyu anali munthu wabwino, koma wa phuma. Akabzala chimanga lero, mawa amafukula kuti aone ngati chamera.

M'chilimwe cha 2006 kunamveka zoti kukhala kampu ya masiku atatu, komwe akatswiri ochokera ku makoleji a ku Amereka adzaone anyamata oponya bwino. Ankafuna a zaka khumi ndi zisanu kupita m'mwamba. A Biswick atafuna kumulembetsa Fatsani, a Paterson, mphunzitsi wa timu yake, anakaniratu.

"Mkono ali nawo, koma mafupa ake ngosakhwima," anatero. "Dikirani zaka zitatu. Makampuwa sathawa."

Kunyumba nako a Winfrida anati, "Bambo a Fatsani, mwamva zomwe anena akochi. Mwanayu ndi wamtali chabe, si wamkulu."

"Inu ma nurse chilichonse mumangoona matenda," anayankha a Biswick. "Chance ngati iyi siyibwera kawiri."

Kwathu timamva za osewera mpira ochotsera zaka kuti aoneke ana. A Biswick anachita zosiyana. Anatenga fomu yolembetsera kampuyo mwakachetechete n'kumuwonjezera mwana zaka zitatu, ndipo poona msinkhu wake palibe anafunsa chiphaso. Kwa akazi awo anati akungopita kukaonerera.

Tsiku loyamba Fatsani anaima pakati pa anyamata a ndevu zomera. Bwalo linali lalikulu kuposa lomwe anazolowera, ndiye kuti mpira ufike ankaponya ndi mphamvu zake zonse. Mmodzi wa akatswiri aja, wovala chipewa, analemba kanthu m'kabuku, ndipo a Biswick mtima unachita kuti myaa. Tsiku lachiwiri chigongono chinatupa. Bamboyo anachithowa ndi madzi otentha, monga ankachitira mayi awo kumudzi munthu akabinya phazi.

"Mwamuna salira. Kwatsala mawa lokha basi," anatero a Biswick.

Mwana anangogwedeza mutu movomera.

M'mawa wa tsiku lachitatu a Winfrida anali pa ofu, sanapite ku ntchito. Anaona mwana akulimbana ndi batani la malaya ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipanira pamimba.

"Tambasula mkono," anatero.

Mkono unakana kuwongoka. Mayiyo sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunawaopsa a Biswick. Anangotenga chikwama n'kunena kuti, "Basi yopita ku kampu ija ikwereni nokha. Ife tikupita kuchipatala."

Anapita onse atatu. Pamene ankadikira chithunzi cha mafupa, a Biswick ankangoyang'ana mkono wa mwana wawo. Ku ntchito kwawo ankadyetsa tsiku ndi tsiku anthu omwe manja awo anasiya kugwira supuni, ndiye ankadziwa bwino tanthauzo la mkono wakufa. Mantha anawagwira zenizeni.

Dokotala anabwera ndi chithunzi chija n'kuloza kampata kakang'ono pa chigongono.

"Apa fupa la mwana limakhala lisanalumikizane, ndi pomwe amakulira. Latupa kwambiri, koma silinathothoke. Akanaponyanso lero, bwenzi tikukamba za opaleshoni, mwinanso mkono wosawongoka moyo wonse. Ndani amalola mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kuponya chonchi?"

A Biswick akanatha kunamizira a kampu, koma mwana wawo anali akuwayang'ana.

"Ndine," anatero. "Ndinanama pa fomu."

"Miyezi inayi asagwire mpira," anatero dokotala. "Achira bwinobwino."

A Winfrida anapumira m'mwamba, n'kukhala pansi ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Panja, podikira basi, Fatsani, yemwe nthawi zambiri ankayankha m'Chingerezi, anayesetsa Chichewa chake chopotokapotoka.

"Adadi, inapweteka kuyambira day one. Sindinafune muchite manyazi."

Mawu amenewa anawalasa a Biswick kuposa a dokotala. Anamugwira mwanayo paphewa lamanzere mpaka basi inafika.

Loweruka lotsatira anapita okha kwa a Paterson kukaulula. Mphunzitsiyo anawamvetsera, kenako anati, "Akachira mubwere naye. Aziponya mipira yowerengeka, ndipo wowerenga mukhale inuyo."

Miyezi inayi itatha, m'mawa wozizira, Fatsani anaponya kampira koyamba pang'onopang'ono. Anapinda mkono, anautambasula, n'kumwetulira. Sunapweteke. Atafika pa mipira khumi ndi isanu, mwana anapempha umodzi wokha wowonjezera. A Biswick, omwe aja a phuma, anabisa mpira m'thumba la jekete.

"Ayi mwanawe, zakwana. Mawa kuliko."

Akuluakulu sananame: sunga khosi, mkanda woyera udzavala.