Mbewu ya Kudenga la Khitchini

Panali mayi wina wamasiye, dzina lake Nangondo. Mwamuna wake ankati akakolola, amasankha chimanga chonenepa n'kuchimangirira ndi makoko ake kudenga la khitchini, kuti utsi uchisunge mpaka nthawi yodzala. Chaka china anamangirira mbewuyo, koma anamwalira mvula asanaione.

Kuyambira pamenepo Nangondo akangoyang'ana kudengako, mtima unkagunda ngati utuluka, mpweya n'kumuthera. Anayamba kuphikira panja. Abale anamuuza kuti alimbe mtima, aiwale. Anthu mukuwadziwa: mawu akuti "limbani mtima" salemera m'kamwa, ndiye aliyense amangoponya n'kumapita.

Mvula inagwa, anzake anadzala. Anankafumbwe anayamba kuboola mbewu ija, ndipo Nangondo analibe ina.

Mchemwali wake anapita naye kuchipatala, kwa katswiri wa za maganizo. Nangondo ankayembekezera mapiritsi kapena ulaliki. Koma bamboyo anangomupempha kuti asimbe za malemuwo, ndipo atayamba kulira sanamutontholetse. Anamuphunzitsa kukhala pakhomo la khitchini, osathawa, kumapuma pang'onopang'ono mpaka mtima ukhazikike. Ulendo wina anamufunsa chimene ankaopa kwenikweni.

"Mfundo ya mbewu ija anamanga ndi manja awo, bambo," anatero Nangondo. "Ndikaimasula ndiye kuti apitiratu."

"Nanga pomangapo, mayi, ankafuna kuti chimangacho chikhale kudenga mpaka liti?"

Nangondo ananyamuka n'kubwerera kwawo. Atafika kunyumba analowa m'khitchini n'kumasula mfundoyo. Chimanga china chinali chitafumbwa kale, ufa wokhawokha. Chotsalacho anatong'ola misozi ili chuchuchu, n'kukadzala mochedwa, kamunda kochepa chabe.

Chisoni sichinathe ayi, ndipo masiku ena ankalirabe ali m'mizere. Koma pokolola anasankha chimanga chonenepa, n'kuchimangirira kudenga ndi mfundo yomwe ija ya mwamuna wake.

Inu amene munaferedwa, amene mantha anakutulutsani m'nyumba yanu yomwe, musavutike ndi okuuzani kuti iwalani. Munthu wako suiwala, ndipo sukuyenera kuiwala. Pezani wodziwa kumvetsera, mulire pamaso pake mpaka mutchule chimene mukuopa. Kenako lowani, ngakhale mantha akadalipo. Chimene munakoleka kudenga sichikukudikirani, chikufumbwa. Masulani mvula isanakate.