Kafayilo Kotchedwa Zanga

Tayesani kulota. Munthu wina anaika mabuku 640 ofotokozera Baibulo mu laputopu ya apongozi ake. Anawasanja m'mafoda mwaluso, nawapatsa mitundu: awa ofiira, awa obiriwira, awa a buluu. Kodi mwa mabuku onsewo mukuganiza kuti anawerengapo angati? Sungani yankho lanu mumtima, tifananize kumapeto.

Laputopuyo inali yakale, yothothoka batani limodzi, ndipo inkakhala pa kabati pafupi ndi makina osokera. Eni ake anali mayi wamasiye, telala wa madiresi ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Malemu amuna awo anali makaniko, ndipo Lamlungu ankaphunzitsa kalasi ya Baibulo ya akuluakulu. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, akaweruka n'kusamba girisi m'manja, bambowo ankatsegula pulogalamu yophunzirira Baibulo n'kumalemba maganizo awo pambali pa ndime imene yawakhudza. Ankalemba ndi zala ziwiri, ngati nkhuku ikujompha. Ndime iliyonse yokhala ndi mawu awo inkaoneka ndi kadontho kachikasu, ndipo ukadina kadonthoko mawuwo amatulukira.

Sanali mawu a ukachenjede ayi. Pambali pa ndime yonena za kuleza mtima analemba kuti, "Lero ndagwa apa. Ndakalipira mnzanga chifukwa cha sipanala, kumapeto n'kuipeza m'thumba mwanga." Pambali pa ina yonena za lilime analemba kuti, "Mayi a ana, musanditulutsire maso, sindikunena inu." Zonsezi zinali mu kafayilo kamodzi kamene anakatcha dzina loti Zanga. Kanali kakang'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni.

Ali m'chipatala, matenda atawapanikiza, bambowo anauza akazi awo kuti, "Pa ndime yomaliza penipeni ya Baibulo ndakusiyirani mawu. Koma musadumphe. Ndikukudziwani inu, mumafuna kuona diresi musanadule nsalu." Mayiwo analonjeza, ndipo anasunga lonjezolo. M'mawa uliwonse asanaponde makina, ankawerenga mutu umodzi pamodzi ndi timadontho take tonse. Zaka zitatu zinali pafupi kukwana, ndipo anali atangolowa m'Chipangano Chatsopano. Kunatsala miyezi isanu ndi itatu kuti afike pa mawu aja.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anakwatiwa ndi kalaliki wa m'sitolo ya zitsulo, amene anzake ankamutcha a Profesa chifukwa sankalola nkhani kudutsa osaikapo ndemanga. Tsiku lina atapita kukacheza, mkamwiniyo anasuzumira pa laputopu ija n'kupukusa mutu.

"Amayi, Mabaibulo awiri ndi dikishonale imodzi basi? Galimoto yamphamvu chonchi mukuiyendetsa pa giya wani? Pulogalamu imeneyi imalandira mabuku owonjezera. Ndili nawo pa fulashi yanga, anandikoperako mnzanga wa kuntchito. Ndemanga, mapu, Chigiriki, Chiheberi, zonse."

"Zimene zilimozo zikundikwanira, bambo," anatero mayiwo.

"Zikukukwanirani chifukwa simunaone zina. Ndipatseni masiku awiri okha."

Mayiwo anakana kachiwiri, koma kukana mkamwini katatu pamaso pa mkazi wake kunawalemera. Anakulunga laputopuyo m'nsalu yotsala n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Ngati mukufuna kundithandiza, mungondikulitsira zilembo, maso akutha. Koma timadontho tachikasuto musatikhudze."

"Amayi, kodi ndine mwana?"

Masiku awiri anasanduka sabata. A Profesa ankathira mabuku ngati munthu wothira mchenga m'wilibala ya eni ake. Anatsegula foda ya ndemanga zakale, ya ndemanga zatsopano, ya maulaliki, ya mapu a m'chipululu. Kutchalitchi ankaimitsa anthu pakhomo n'kuwauza kuti laibulale imene ili kwawo ngakhale abusa sanailotepo. Koma laputopu ija inali nkhalamba. Inayamba kutentha n'kumalira ngati injini yopanda oyilo. Pulogalamu inkatenga nthawi yowiritsa madzi a tiyi kuti itseguke, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chitatu inakaniratu.

A Profesa anafufuza pa intaneti n'kupeza malangizo akuti aichotse pulogalamuyo, aiikenso mwatsopano. Mkazi wake, amene ankavala nsapato kuti azipita kuchipatala, anaima pakhomo.

"Musanachotse kanthu, koperani kaye zolemba za bambo anga pa fulashi."

"Fulashi yadzaza mpaka pakamwa, mayi."

"Ndiye chotsanimo buku limodzi. Limodzi lokha."

"Iwe pita ukabaye anthu jakisoni, za makompyuta utisiyire eni ake."

Tisamunamizire, anayesadi. Anatsegula mndandanda wa pa fulashi kufuna buku loti lipereke malo. Madikishonale a Chigiriki analipo atatu, pamene iye sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi cha Chigiriki, koma anati bwanji tsiku lina atadzaphunzira? Panali maulaliki a m'Chijeremani, mabuku makumi awiri, koma anati amenewa ndi osowa. Panali mapu amodzimodzi obwerezedwa kanayi, koma anati mwina akusiyana penapake. Ili lokoma, ilonso lokoma. Akanatha kutumiza kafayiloko ku foni yake. Akanatha kudikira kuti kuche, abwereke fulashi ina. Koma kudikira kukanaoneka ngati wamvera mkazi, choncho anadziuza kuti kanthu kakang'ono chotero sikangapite kulikonse.

Pochotsa pulogalamuyo panatuluka kabokosi kofunsa ngati afufutenso zolemba za mwini wake. A Profesa anali m'gulu la anthu aja amene amadina kuvomera funso lisanathe. Anadina. Kenako anaikanso pulogalamu, n'kuthiramonso mabuku ake onse 640.

Ataona kuti timadontho tachikasu palibe, anati ndi nkhani ya makonzedwe chabe. Anasintha mitundu, anasintha mawindo, osaoneka kanthu. Anachotsanso zonse n'kuikanso. Osaoneka kanthu. Anachitanso kachitatu. Masabata awiri anatha akuuza mkazi wake kuti akumalizitsa kusanja, ndipo apongozi akaimba foni ankayankha kuti, "Zinthu zabwino sizifuna phuma, amayi."

Masiku onsewo mayi aja sanapitirire mutu umene anaimira. Baibulo la pepala anali nalo, koma anati sangayende okha ulendo umene anauyamba awiri. Loweruka lina analeka diresi la eni ake lili pa makina, nakwera basi kukatenga katundu wawo. Anakhala pa tebulo la mkamwini, navala magalasi, natsegula mutu wawo. Zilembo zinali zazing'ono monga kale. Kumanzere kunali mndandanda wa mabuku wautali ngati njanji. Anatsika ndi chala ndime ndi ndime. Anabwerera ku ndime ya sipanala ija, imene ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Panali poyera.

"Bambo, amuna anga ali kuti?"

"Amayi, alimo ndithu, kungoti makonzedwe atsopanowa..."

"Munakopera?" Mkazi wake ndiye anafunsa, ataima ndi mbale m'manja. "Ndikufunsa inu, a Profesa. Munakopera?"

Munthu amene sankalola nkhani kudutsa osaikapo ndemanga anayang'ana pansi.

Anapita onse atatu kwa wokonza makompyuta, mayi wa magalasi okhuthala amene ankagwira ntchito m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa mawaya ndi mafoni otsegula mimba. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, nalumikiza laputopuyo ku makina ake, n'kuwauza kuti akhale pa benchi. Patapita maola awiri anavula magalasi.

"Fayilo ikafufutidwa sifa nthawi yomweyo," anatero. "Imakhala ngati nyumba imene angoichotsa nambala pakhomo. Ikadalipo mpaka wina adzamangepo yake. Mukanabwera tsiku lomwelo, bwenzi ndikukupatsani yonse tisanamalize moni. Koma achimwene awa amangapo katatu. Munkafuna chiyani kwenikweni, achimwene? Mabuku onsewa mwawerengapo angati?"

A Profesa anakanda m'khosi. "Ndimafuna kuwathandiza amayiwa."

"Sindinafunse zimenezo."

Zimene anapulumutsa zinali mizere isanu ndi iwiri yoduka mitu, yosakanikirana ndi zizindikiro zopanda tanthauzo. Zaka khumi ndi chimodzi za munthu wolemba ndi zala ziwiri, mizere isanu ndi iwiri! Wokonzayo anaisindikiza pa pepala limodzi, ndipo sinafike ngakhale pakati pa pepalalo. Mayi aja anailandira, naiwerenga. Umodzi unali wa sipanala, wothera pa mawu akuti "m'thumba".

"Mwanawe," anatero kwa wokonzayo, "nditsegulire ndime yomaliza ya buku lomaliza."

Mwana wawo anawagwira dzanja. "Amayi, munalonjeza kuti simudumpha."

"Andidumphitsa kale ena. Tsegula."

Ndimeyo inatuluka pa sikirini. Pambali pake panalibe kadontho. M'malo mwake panatseguka zenera lalikulu lonena kuti pa ndime imeneyi pali ndemanga za akatswiri makumi asanu ndi anayi, asankhe imene akufuna. Mayiwo anayang'ana zeneralo. Sanalire. Anthu amene analipo amati bola akanalira.

"Amayi," anayamba mkamwini, "ena mwa akatswiriwa ndi odziwika dziko lonse. Mwina mungapezemo..."

"Alipo mmodzi mwa iwo amene amadziwa dzina langa?"

Mayiwo anapitiriza osadikira yankho.

"Alipo amene anandiona ndikudula nsalu? Ndinakupemphani chinthu chimodzi, bambo, kuti mundikulitsire zilembo. Ngakhale chimenecho simunachite." Anatembenukira kwa wokonza uja. "Chotsamo zonsezi. Undisiyire Baibulo limodzi, zilembo zikuluzikulu."

Kukulitsa zilembo kunatenga kudina katatu. Mayiwo anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'chikwama, anakulunga laputopu m'nsalu yomwe ija, kenako anatola fulashi pa tebulo n'kuiika m'dzanja la mkamwini wawo, nalifumbatitsa.

"Chuma chanu ichi, palibe chimene chasowapo. Mukawerenge."

Anatuluka, mwana wawo ali pambuyo atanyamula laputopu. A Profesa anatsala pa benchi, fulashi ili m'manja.

Mpaka lero mayiwo amamulandira mkamwini wawo mwaulemu. Amamupatsa mpando, amamufunsa za kuntchito, koma akamva mawu ake pageti amatsekera laputopu m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba la epuloni. Mkazi wake sanamuchoke, koma akayamba kufotokoza kanthu pagulu amangomuyang'ana, iye n'kumeza mawu. Dzina la Profesa lidakalipo, kungoti tsopano anthu amalitchula akumwetulira cham'mbali. Mayi aja anafika pa ndime yomaliza patapita miyezi isanu ndi itatu, monga mwa dongosolo lawo, ndipo zimene amuna awo anawasiyira pamenepo palibe munthu wamoyo amene akuzidziwa.

Chimene chimandipsetsa mtima pa nkhaniyi n'chakuti sipanabwere mbala, sipanayake moto, laputopu sinagwe m'madzi. Munthu anangolephera kusiya buku limodzi mwa mazana, buku la chinenero chimene sachimva, kuti apereke malo kwa mawu amene sangapezekenso kwina kulikonse pansi pano. Akuluakulu anaona anthu otere kalekale pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuipa kwake n'kwakuti pusi ameneyu pogwa anathyola nthambi ya eni ake.

Tsono funso lija. Mwa mabuku 640, a Profesa anawerengapo limodzi. Linali kabuku ka masamba anayi kofotokoza mmene munthu angaikire mabuku ena.