Lamulungu la Kuphiri

Panali munthu wina, mphunzitsi wa kusekondale, amene chaka china anapatsidwa buku latsopano loti aphunzitse. M'bukumo wolemba ankasimba za ubwana wake. Bambo ake anali mkulu wa mpingo wokhwimitsa malamulo, ndipo tsiku la Sabata ankamutsekera m'nyumba kuti aloweze mavesi, kunja ngumbi zikutuluka, anzake akuthamanga ndi zitini.

Mphunzitsiyo atawerenga, mtima sunakhalenso m'malo. Nkhaniyo inali ngati yake yomwe. Nayenso anakula akumvera njiwa kuseri kwa chitseko, anakwapulidwapo chifukwa choimba mluzu tsiku lopatulika, ndipo atangomera ndevu anachoka kwawo osapondakonso mpaka tsiku la maliro a bambo ake. M'kalasi bukulo ankaliphunzitsa ngati akuzenga mlandu. Ankangoyendayenda, choko n'kumathyokera m'manja, ana n'kumanong'onezana kuti aphunzitsi lero adya tsabola.

Tsono munthuyu anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Esinati, ndipo analumbira kuti wakeyo sadzakulira m'ndende. Lamulungu lililonse, belu la tchalitchi likangolira, ankamutenga ulendo wa kuphiri. Uwu ndi msuku, uwu ndi mombo, mbalame ikulirayo ndi pumbwa. Mwana akaphonya dzina, ankabwereza mpaka alikhoze.

Koma mtima wa Esinati unali kukwaya. Nyimbo ankaziphunzira kwa anzake pamjigo, ndipo woyimbitsa atamumva anamupatsa ndime yoti adzayimbe yekha pa Lamulungu la masika. Mtsikanayo anagwada n'kupempha. Mphunzitsi anangoti, "Mulungu ali m'mitengo, mwanawe. Vala nsapato."

Anakwera phiri. Njira yonse mphunzitsi anali pakamwa pokhapokha, kudzudzula bambo wa m'buku uja, kudzudzula makolo onse otsekereza ana. Atacheuka, anaona Esinati waima pathanthwe, maso ali kumunsi kumene malata a tchalitchi ankanyezimira. Milomo yake inkayenda popanda mawu.

"Kodi ukumva zimene ndikunenazi?"

"Ndikumva, ababa. Agogo ankakutsekerani m'nyumba. Inu mwanditsekera panja."

Mphunzitsi anapsa mtima, kenako anagwidwa ndi mantha, pakuti nkhope imeneyo ankaidziwa. Inali nkhope ya mwana amene wayamba kale kulongedza katundu mumtima.

Anamugwira dzanja n'kutsika naye chothamanga, minga ikukola thalauza, miyala ikugubuduka patsogolo pawo. Anafika pakhomo la tchalitchi ali wefuwefu, anthu akutuluka. Ndime ija anali atayimba mwana wina.

Esinati sanalire. Anangosolola dzanja lake pang'onopang'ono, n'kupita kukaima ndi anzake. Bambo ake anatsala yekha pabwalo, anthu akumulambalala.

Makolo anzanga, ambiri a ife tili ndi chimene anatimana tili ana, ndipo mpaka lero chimatiwawa. Tikabereka, timathamanga kukachikankhira mkamwa mwa mwana, n'kumati ndi chikondi. Chonsecho njalayo ndi yathu, mwana ali ndi yake. Paja safunsa anadya phula. Mufunseni mwana wanu chimene mtima wake ukulira, ndipo mufunseni msanga, akadali wofuna kukuyankhani.