Minga ya Tambala wa a Chipewa

Amene analakwira a Chipewa ndi mkamwini wawo, ndipo anawalakwira nyengo yozizira yapitayi, pamene iwo anagonekedwa m'chipatala kukachotsa ng'ala m'diso.

A Chipewa, amene dzinalo linawamatirira chifukwa cha chipewa chakutha chimene sankavula ngakhale pakudya, ankaweta nkhuku zambewu kuseri kwa nyumba. Mwini khola anali Wofiira, tambala wochokera ku mtundu umene malemu akulu awo anawasiyira. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzagula anapiye ake. Zikhadabo zija zosongoka za kumbuyo kwa miyendo, zimene iwo ankazitchula kuti minga, ankazisamala okha. Ankamupana tambalayo m'khwapa n'kupala nsonga zokha ndi tupa kuti zibunthe, osafika pamnofu.

"Ukazula zonse wamuvula ufumu," ankatero. "Mlonda samulanda chibonga."

Tsoka linalowa ndi mkamwini, wokonza njinga, amene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi m'kanyumba ka pabwalo pomwepo. Tsiku lina anabwera ndi tambala wamawanga m'manja.

"Bambo, angogonako m'kholamu mpaka ndimumangire lake."

A Chipewa ankadziwa kuti n'zosatheka. Koma mwana wawo anaima pakhomo, mimba ili patsogolo, akuwayang'ana. Anatsegula chitseko cha khola.

Khola lake silinamangidwe. M'malo mwake mathadzi anayamba kuthothoka nthenga kumsana, ena mabala m'nthiti.

"Ndi nkhalamba yanuyi, bambo," anatero mkamwini. "Minga imeneyi ndi mikondo. Ine ndi pulayazi ndingathane nayo madzi asanawire."

"Akamwini, nkhuku si sipoko ya njinga. Zaka zonsezi Wofiira sanang'ambepo thadzi. Wayamba lero bwanji?"

Koma mumtima sanali otsimikiza. Maso awo anali ataphimbidwa ndi nkhungu. Akaima pakhola ankangoona fumbi ndi mapiko, osadziwa wakwera ndani, wathawa ndani.

Atabwerako kuchipatala, diso limodzi lili lomata, anayamba kukhola asanalowe m'nyumba. Wofiira anali atabisala kuseri kwa chomwera, lipombo la pamutu lili magazi okhaokha. Anamunyamula n'kupapasa miyendo. Pamene panali minga panali maenje awiri otupa.

"Wachita izi ndani?"

"Inagwa yokha, bambo," anayankha mkamwini, maso ali pa tcheni cha njinga. "Ukalamba. Ngakhale inu mano aja alipo onse?"

"Yonse iwiri tsiku limodzi?"

"Mwina anakodwa mu waya."

Anafunsa mwana wawo. Iye anati sanaone kanthu, anali atagona, msana ukuwawa. Anafunsa akazi awo. Iwo anati, "Inu, minga ija si munaidula nokha musanapite? Masiku anotu mumaiwala."

A Chipewa anakhala pa chitsa mutu uli zweee. Kodi anaiduladi? Anakumbukira kuti tupa anaigwira, koma linali liti? Kapena mankhwala a kuchipatala anawasokoneza? Anakatenga tupa ija n'kuinunkhiza ngati ingayankhule. Anthu atatu, nkhani zitatu, ndipo aliyense akuwayang'ana ngati odwala ndi iwo.

A Chipewa anamuvundikira Wofiira yekha ndi dengu, koma mamawa wina anapeza dengulo litavundukulidwa. Wamawanga anali atamumaliza pakona, minga yake yosapalidwa ili yofiira. Amene anavundukula sanadziwike. Mkamwini anati ndi galu. Akazi awo anati ndi mphepo.

Chodabwitsa n'chakuti mathadzi anapitiriza kung'ambika, Wofiira ali m'dothi.

"Nanga tsopano akung'amba ndani, akamwini? Mzukwa?"

"Ndi mabala akale amenewo, bambo. Akuchedwa kupola."

Diso litatsegulidwa, dziko linawala, ndipo a Chipewa anayamba kuona zimene sankafuna. Tsiku lina akufuna msomali m'bokosi la zida la mkamwini, anapeza pulayazi ili ndi magazi ouma m'mano. Pansi pake, pakati pa mabawuti, panali minga iwiri yakuda, yozulidwa ndi mizu yomwe.

Anapita nayo kukhitchini kwa akazi awo.

"Onani! Munati ndapenga. Lero lomwe achoke pano, iye ndi tambala wake!"

Akazi awo sanatembenuke n'komwe. "Ndinamuona akuzula. Ndinakhala chete dala."

"Munandinamiza?"

"Nanga ndikanatani? Akachoka apita yekha? Mwana wanu ali pafupi kuchira. Mukufuna akachirire kwa eni, chifukwa cha nkhuku?"

Mwana wawo anali ataima kuseri kwa chitseko. "Bambo, akapita ine ndipita naye," anatero motsitsa mawu.

A Chipewa anayang'ana minga ija, anayang'ana mimba ija. Anaika mingayo m'thumba la jekete n'kutuluka.

Anapiye otsatira anaswa onse amawanga. Ogula aja ankasuzumira m'khola n'kufunsa kuti ofiira aja ali kuti, kenako n'kubwerera chimanjamanja. Mdzukulu anabadwa, mwamuna, ndipo anamupatsa dzina la agogo ake.

Mpaka lero mkamwini ali pabwalo pomwepo. M'mawa uliwonse amapereka moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Wamawanga akulira pamwamba pa khola. Mkamwiniyo sanapepese, ndipo palibe anamuuza kuti apepese. Minga ija ikadali m'thumba la jekete.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.