Khadi la Mafani Atatu

Sesan ankameta anthu ku Agege sabata yonse, koma mtima wake unali pa Lamulungu masana. Ndiyo nthawi imene ankasewera mpira wa pakompyuta ndi mng'ono wake Dotun, amene anapita ku Canada kukagwira ntchito yonyamula katundu. Pafoni Dotun anali wouma pakamwa, koma gemu ikangoyamba, eee, mwana uja ankabwerera mwakale: kuseka, kunyoza, kuimba nyimbo za kwawo. Sesan ankamusowa koopsa mng'ono wakeyo.

Tsiku lina khadi la zithunzi, lija limayendetsa magemu m'kompyuta ya Sesan, linapsa. Sesan ndi mkazi wake Morenike anakwera basi ya kumsika wa makompyuta ku Ikeja. Wogulitsa wina, Obiora, anawayalira makhadi awiri a mtengo umodzi: kakhadi katsopano ka fani imodzi, ndi chikhadi chakaunjika cha mafani atatu ndi timagetsi tofiira.

"Bwana, aka sikadya magetsi," anatero Obiora. "Koma ichi ndi chilombo. Udzu wa m'bwalo mudzachita kuuwerenga."

"Bambo a Tola," Morenike anamukoka malaya mwamuna wake, "kajenereta kathu kamalira ndi ayironi yomwe. Chilombochi chizikadya chiyani?"

"Iwe, ayironi ndi mpira zikugwirizana pati? Dotun ali ndi makina apamwamba uko. Azindiseka ine mkulu wake?"

Anatenga chilombo.

Lamulungu magetsi anathima monga mwa masiku onse. Sesan anakoka chingwe cha kajenereta, gemu n'kuyamba. "Achimwene, lero mulira!" anafuula Dotun. Mafani atatu aja anangoti wuu, kajenereta kanatsokomola kawiri, basi zii. Sesan anathimitsa firiji, wailesi, mababu onse, koma ayi ndithu, mpira ukangofika pokoma kompyuta inkafa.

Morenike anamuuza kuti akasinthe. Koma munthu wa liuma, abale! "Sabata yamawa magetsi akhalapo," ankatero. Kwa Dotun ankanamizira netiweki, poopa manyazi. Masabata anapita, magetsi osaoneka.

Kenako Dotun anatumiza uthenga wa mawu, wopanda nthabwala ngakhale imodzi.

"Achimwene, ndalembetsa kuti ndizigwira ntchito Lamulungu. Kuno ndimakhala ndekhandekha m'chipinda, kompyuta ili chiyakire, kudikira inu. Zimandiwawa. Bola ndizinyamula makatoni, tsiku lizitha msanga."

M'mawa mwake Sesan sanatsegule n'komwe malo ake ometera. Anathamangira ku Ikeja, nasiya chilombo chija, n'kutenga kakhadi ka fani imodzi. Kanayenda bwinobwino, kajenereta osadandaula. Koma wosewera naye panalibe. Lamulungu lililonse masana Sesan amayatsabe gemu ija, maso ali pa dzina la mng'ono wake, kudikira kuti mwina lero aweruka msanga.

Sesan anaona kuthwa kwa chitsulo, osayang'ana chochigwirira kunyumba kwake. Akuluakulu sananame: nkhwangwa ikhulupirira mpini.